Funsani Tikuyankheni: Ulendo wa ku Cape Maclear

FUNSO: Banja lathu likufuna kupita ku Cape Maclear mu Okutobala kuti ana akasambire, ife tikawedze. Tikonzekere bwanji? Wowerenga, Zomba.

YANKHO: Mwasankha mwezi wabwino, bambo, chifukwa mwera umene umavundula nyanja m'miyezi yozizira umakhala utaleka. Koma dzuwa limaswa mtengo, choncho ana asambe m'mamawa kapena chakumadzulo, wamkulu ali m'madzi momwemo.

Za mbedza samalani. Gawo lalikulu la derali lili mu Lake Malawi National Park, paki imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. M'madzi a mamita 100 kuchokera kugombe la paki ndi zilumba zake, monga Thumbi ndi Domwe, kuwedza nkoletsedwa pofuna kuteteza mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala. Gwirizanani ndi msodzi wa m'mudzi wa Chembe, ku Cape Maclear komweko, akutengereni kunja kwa malirewo, ndipo musakwere boti lopanda majekete oyandamitsa. Nyambo ya usipa imakwanira.

Kamba wanu akhale m'bokosi lotsekeka bwino. Anyani a ku Otter Point, malo ena a m'pakimo, amalanda chakudya m'manja, ndipo kuwapatsa dala kumangowawonjezera mwano.

FUNSO: Ndimamva kuti kunyanja kuli likodzo. Kodi ndimwe mankhwala ndisanapite? Wowerenga, Mchinji.

YANKHO: Ayi mayi, kumweratu sikuteteza. Likodzo liliko ndithu. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi n'kuboola khungu munthu akamasamba, makamaka pamadzi osaya, pa bango ndi pafupi ndi midzi pomwe anthu amachapira. Malo oterewo apeweni, ngakhale madzi aoneke oyera bwanji.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amamwa mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel tsiku lomwe abwerera kwawo. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zokhwima zokha, zazing'ono zimapulumuka. Dikirani milungu 6 mpaka 8, kenako pitani kuchipatala akakupimeni. Mlingo wa mankhwalawa ndi mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndiye munthu wa makilogalamu 60 amamwa mapiritsi 4 a mamiligalamu 600, atadya kaye. Mwana asapatsidwe mongoyerekeza, ayambe wakwera pa sikelo. Mukaona magazi mumkodzo kapena thupi likatentha, musadikire kuti milunguyo ikwane, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mukanene kuti munasamba m'nyanja.