Wofufuza wa autism akatchuka kwambiri, ndiye kuti zonse zomwe akunena ndi zoona?

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 6 madokotala anandiuza kuti ali ndi autism, vuto lomwe limakhudza mmene munthu amalankhulirana ndi kuchezera ndi anzake, nde chiyambireni ndimangowerenga pa intaneti mpaka usiku. Dzina lomwe likungobwerabwera ndi la Simon Baron-Cohen, pa Google Scholar, tsamba lofufuzira zolemba za akatswiri, anzake amutchula kambirimbiri komanso mapepala ake a kafukufuku mayina a olemba nawo ndi mbwee. Kodi munthu wotere ndingomukhulupirira basi?
Mayi wa kamnyamata

YANKHO: Zikomo mayi, koma muzigonako ndithu, mwanayo akufunanso mayi wamphamvu mmawa.

A Baron-Cohen ndi pulofesa ku yunivesite ya Cambridge ndipo amatsogolera Autism Research Centre, sikuti ndi munthu wamba ayi. Chomwe chinawatchukitsa ndi pepala la mu 1985 lomwe analemba atatu, iwowo, Alan Leslie ndi Uta Frith, mayi wobadwira ku Germany yemwe ndi amene ankawayang'anira pa PhD yawo ku London. Anatenga zidole ziwiri, Sally ndi Anne. Sally amayika kampira kagalasi mu basiketi nkutuluka, Anne amakatenga nkukabisa mu bokosi, kenako mwana amafunsidwa kuti eti Sally akabwera akafuna kuti kampirako? Mwa ana 20 a autism, 16 analoza bokosi, komwe kampira kali, osati komwe Sally akuganiza kuti kali, pomwe ana ambiri a Down syndrome analoza basiketi bwinobwino. Ana 20 okha mayi, tangoganizani, koma pepala limeneli anthu akulitchulabe mpaka lero. Mu 2001 anatulutsanso ndi Sally Wheelwright ndi anzawo ena mafunso 50 aja a AQ (Autism-Spectrum Quotient), oyezera zizindikiro za autism, omwe mwina mwakumana nawo kale pa intanetipo.

Nde pa nkhani ya manambalayo. Google Scholar imangowerenga kuti pepala latchulidwa kangati, siyifunsa kuti wotchulayo akuyamikira kapena akutsutsa, onse imawaponya mthumba limodzi. Chitsanzo chowawa ndi Andrew Wakefield, mu 1998 anatulutsa pepala mu The Lancet, magazini ya zachipatala, pa ana 12 lomwe linachititsa makolo kuopa katemera wa MMR, woteteza ku chikuku ndi matenda ena awiri, kuti ati amabweretsa autism. Olemba analipo 13, mayina mbwee ngati mmene mukunenera inumo. Mu 2004 anzake 10 anadzichotsa pa mfundo imeneyo, mu 2010 magaziniyo inalichotseratu pepalalo ndipo iye anamufufuta mkaundula wa madokotala ku Britain. Koma pepala lomwelo latchulidwa kosawerengeka, ambiri akulitchula polidzudzula.

Sindikuwafanizira a Baron-Cohen ndi Wakefield, ayi ndithu, iwowa ntchito yawo ndi yeniyeni. Kungoti nawonso anzawo amawatsutsa, makamaka pa maganizo awo oti autism ndi ubongo wachimuna wopyola muyeso, ambiri amati zimenezi zinathandizira kuti atsikana azingodumphidwa osawapeza msanga. Ndipo Damian Milton, wofufuza yemwe naye ali ndi autism, mu 2012 anabwera ndi mfundo yomwe ine imandigwira mtima, yoti kusamvana pakati pa anthu a autism ndi ife ena ndi kwa mbali zonse, ifenso timalephera kuwerenga maganizo a munthu wa autism, bwanji vuto tikumuunjikira iye yekha?

Za ogwira nawo ntchitozo, ine sindiwerenga kuchuluka kwa mayina, ndimayang'ana kuti ndi ndani. Mu 2021 gulu la a Baron-Cohen pamodzi ndi Wellcome Sanger Institute, bungwe lofufuza za DNA ku Britain, komanso yunivesite ya UCLA ya ku America anayambitsa kafukufuku wa Spectrum 10K, ankafuna malovu a anthu 10,000 a autism kuti aone DNA yawo. Mabungwe akuluakulu okhaokha, koma anthu a autism eni akewo anakwiya, ankafunsa kuti DNA yathuyi mukaigwiritsa ntchito yanji ndipo munatifunsa liti, moti pasanathe mwezi kafukufukuyo anayamba waimitsidwa.

Ndiye mukapeza pepala, onani kuti anayeza ana angati, a zaka zingati, atsikana analipo, komanso ngati gulu lina losagwirizana ndi iwo linabwereza nkupeza zomwezo. Mafunso a AQ aja analembera akuluakulu, musamuyese nawo mwana wa zaka 6, ndipo ngakhale kwa wamkulu salowa mmalo mwa dokotala yemwe wakhala pansi ndi munthuyo nkumuona akusewera kapena akucheza.