Mafunso a Owerenga: Kodi Khungu Lakuda Nalonso Limaonongeka ndi Dzuwa?

FUNSO: Alangizi, ndine mayi wa zaka 41 ndipo ntchito yanga ndi yokhalira panja pafupifupi tsiku lonse. Kwa zaka ziwiri tsopano ndatuluka mawanga akuda m'masaya ndi pamphumi, komanso m'mbali mwa maso mwayamba makwinya amene akulu anga, omwe amagwira ntchito ya muofesi, alibe. Ndinakula ndikumva kuti khungu lakuda silipsa ndi dzuwa. Mnzanga wina akuti ndigule mafuta oyeretsa khungu kuti mawangawo achoke. Kodi dzuwa ndi limene lachititsa zimenezi, nanga mafutawo angandithandize?
Mayi wodera nkhawa

YANKHO: Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu. Ndiyambe ndi mafuta oyeretsa khunguwo, pakuti ndi amene andidetsa nkhawa kwambiri: chonde musagule. Ambiri mwa mafuta amenewa amakhala ndi mankhwala a steroid, hydroquinone kapena mercury. Steroid amachititsa khungu kukhala lopyapyala mpaka timitsempha timayamba kuonekera, mercury amaononga impso, ndipo hydroquinone akadzoledwa kwa nthawi yaitali popanda malangizo a dokotala amatha kusiya mawanga akuda bii, ovuta kuchotsa kuposa amene munali nawo poyamba. Komanso kuyeretsa khungu n'kuchepetsa melanini, yemwe ndiye chishango chimene munabadwa nacho.

Zimene munamva muli mwana zili n'choonadi chake, koma sizokwanira. Melanini, amene amapatsa khungu mtundu wake, amamwa mbali ina ya cheza cha dzuwa, n'chifukwa chake munthu wakuda sapsa msanga ndiponso makwinya amachedwa kumufikira. Koma ofufuza atayeza chitetezo chimenechi anapeza kuti chimafanana ndi SPF (nambala yosonyeza mphamvu ya mafuta oteteza ku dzuwa) pafupifupi 13, pamene madokotala a khungu amalimbikitsa 30 kapena kuposerapo. Cheza chimene chimafika pansi pano chili mitundu iwiri. Cha UVB chimawotcha pamwamba pa khungu, pomwe cha UVA, chomwe ndi magawo pafupifupi 95 pa 100 alionse a chezachi, chimalowa mkati mwakachetechete n'kumadula kolajeni ndi elastini, ulusi umene umakunga khungu kuti likatsinidwa lizibwerera m'malo mwake. Munthu samva kuwawa kulikonse ulusiwu ukamaduka, amangozindikira patapita zaka kuti khungu lalobodoka. Pa khungu lakuda chizindikiro choyamba nthawi zambiri chimakhala cha mtundu, chifukwa maselo opanga melanini akaputidwa ndi dzuwa amapanga wambiri malo ena, malo ena wochepa. Mawanga a m'masaya ndi pamphumi ngati anuwo kawirikawiri amakhala a melasma, vuto limene limagwira kwambiri amayi, makamaka panthawi ya pakati kapena akamamwa mapilitsi olera, ndipo limakula ndi dzuwa. Komabe dokotala ndi amene angatsimikize atakuonani.

Poti ntchito yanu simungaisiye, chitetezo chanu choyamba chikhale mthunzi ndi zovala. Dzuwa limakhala laukali kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 4 koloko madzulo, ndipo njira yosavuta yodziwira ndi kuyang'ana chithunzithunzi chanu: chikakhala chachifupi kuposa msinkhu wanu, ndiye kuti nthawi yobisala yakwana. Valani chipewa cha khonde lalikulu chophimba nkhope, makutu ndi khosi, komanso malaya a manja aatali a nsalu yolukidwa mothithikana. Nsalu imene mukaikweza kumwamba mumaona kuwala kukudutsa, cheza nachonso chimadutsa. Mitambo isakupusitseni, chifukwa cheza chambiri chimaboola mitambo yopyapyala.

Kenako pamabwera mafuta oteteza ku dzuwa. Sankhani olembedwa SPF 30 kapena kuposerapo, ndipo pabotolo pakhalenso mawu akuti broad spectrum kapena chizindikiro cha UVA, chifukwa nambala ya SPF imanena za UVB yokha. Musavutike kufunafuna nambala yaikulu kwambiri: SPF 30 imatchinga magawo pafupifupi 97 pa 100 a UVB, ndipo SPF 50 imatchinga 98. Pamene anthu ambiri amalakwitsa ndi pa muyeso. Amadzola pang'ono ngati akupaka mafuta a fungo, chonsecho nkhope ndi khosi zimafuna pafupifupi supuni yaing'ono imodzi. Dzolani mphindi 15 kapena 20 musanatuluke, ndipo bwerezani pakatha maola awiri alionse kapena mukatuluka thukuta lambiri. Ndikudziwa kuti amayi ambiri akuda amasiya mafutawa chifukwa ena, makamaka a zinc oxide, amasiya nkhope ili mbuu ngati yapakidwa phulusa. Dandaulo limeneli ndi lomveka, ndipo yankho lake ndi mafuta osakaniza mtundu wa khungu okhala ndi iron oxide, amene amatchinganso kuwala wamba kooneka ndi maso komwe nakonso kumadetsa melasma.

Kuti mudziwe kuti khamali lili ndi phindu, ku Nambour m'dziko la Australia ofufuza anatsata anthu 903 osafika zaka 55 kwa zaka zinayi ndi theka, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 2013 zinaonetsa kuti khungu la amene ankadzola tsiku ndi tsiku linakalamba mochepera ndi magawo 24 pa 100 poyerekeza ndi la amene ankadzola mwa apo ndi apo. Mawanga amene alipo kale amatenga miyezi kuti azilale, choncho mulezeko mtima. Dokotala akhoza kukulemberani mankhwala odzola monga azelaic acid kapena tretinoin, koma tretinoin sayenera mayi woyembekezera. Ndipo mukaona chilonda chosapola, kapena kadontho kakuda kakukula ndi kusintha maonekedwe, ngakhale kuphazi, m'chikhatho kapena pansi pa chikhadabo, pitani kuchipatala mwamsanga, chifukwa kwa anthu akuda khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma imakonda kuyambira malo amenewa.

FUNSO: Ndine dalaivala wa galimoto ya katundu ndipo mawindo ndimatseka nthawi zonse. Kodi ndine wotetezeka?
Bambo wa pamsewu

YANKHO: Osati kwenikweni, bambo. Galasi wamba limatchinga UVB koma limalola UVA yambiri kudutsa, makamaka magalasi a m'mbali, pakuti lakutsogolo limatchinga bwino. Mu 2012 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inaonetsa chithunzi cha bambo wa zaka 69 amene anayendetsa thiraki kwa zaka 28, ndipo mbali yakumanzere ya nkhope yake, imene inkayang'ana windo, inali ndi makwinya akuya kwambiri kuposa mbali inayo. Valani malaya a manja aatali, ndipo muzidzola nkhope, khosi ndi kunja kwa manja musananyamuke.

FUNSO: Mwana wanga wa miyezi inayi ndi wachialubino. Kodi ndiyambe kumudzoza mafuta oteteza ku dzuwa?
Mayi wa mwana woyamba

YANKHO: Mayi, mwachita bwino kufunsa mwana akadali wamng'ono chonchi, chifukwa khungu lokhala ndi melanini wochepa kwambiri limapsa m'kanthawi kochepa, ndipo kupsa kobwerezabwereza kuyambira paubwana ndiko kumadzabala khansa ya pakhungu munthu akakula. Mwana wosakwana miyezi 6 asamakhale padzuwa n'komwe: mthunzi, ambulera, kachipewa ka khonde ndi zovala zophimba manja ndi miyendo ndizo zimutchinjirize, ndipo ngati mukufuna kumudzoza pa malo ang'onoang'ono osaphimbika, yambani mwafunsa kuchipatala. Akapitirira miyezi 6, muzimudzoza mafuta a SPF 50 tsiku lililonse, osaiwala makutu, milomo ndi kumbuyo kwa khosi, komwe zilonda zimakonda kuyambira. Muzipita naye kwa dokotala kukaonetsa khungu ndi maso ngakhale akuoneka kuti ali bwino, ndipo kachigamba kalikonse kokhakhala kamene sikakuchoka mukakaonetse msanga, chifukwa kakadali kakang'ono kamachizika mosavuta.