Kwa mayi amene mwana wawo akubwera kusukulu yogonera konko ku Johannesburg

Mayi, mwafunsa za fizi, za chakudya, ndiponso mmene mwana wanu wa zaka 16 angazolowerere moyo wa pasukulu yogonera konko kuno ku Johannesburg inu muli ku Zomba. Za fizi funsani kusukulu komweko. Ine ndiyankha za munthu woyang'anira mwana, chifukwa ndi pamene banja lathu linapunthwa.

Pofunsira viza ya maphunziro ya mwana wosakwana zaka 18, boma la South Africa limafuna kalata ya munthu wokhala kuno amene wavomera kumuyang'anira, pamodzi ndi medical aid (inshulansi ya chipatala) ya kuno. Makolo ambiri amangolemba m'bale aliyense amene ali ndi adiresi kuti fomu idutse, ndipo ifenso tinachita zomwezo ndi mwana wa mchemwali wanga: tinalemba msuweni amene amagwira ntchito mpaka Loweruka ndipo alibe galimoto. Litafika tchuthi lalifupi la pakati pa teremu, ana a kuno anatengedwa ndi makolo awo, a ndalama anakwera ndege kupita ku Nairobi ndi ku Lagos, koma wathuyo anatsala ndi anzake awiri okha m'nyumba yogona imene inali zii kwa masiku anayi. Pafoni ankangoti ali bwino, paja ana athu timawalera kuti asamavutitse akuluakulu, koma teremu yotsatira anayamba kulephera mayeso ndi kupempha kuti abwerere kwawo.

Choncho musanalembe dzina la munthu, pemphani kalendala ya sukulu ya chaka chonse, muwerenge masiku onse amene ana amatuluka, kenako mumufunse munthuyo mosabisa ngati adzathadi kumutenga mwana tsiku lililonse mwa masiku amenewo. Musaganize kuti azidzabwera kwanu tchuthi lililonse. Ndege yochoka ku bwalo la ndege la OR Tambo kuno kupita ku Chileka imatenga maola awiri ndi theka, koma tikiti yopita ndi kubwera imafika pafupifupi R6,000 kapena kupitirira, pamene basi yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza imadya masiku awiri njira imodzi, ndipo sindingakweze mwana yekha paulendo umenewo.

Chenjezo lina ndi chisanu. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo mu June ndi July usiku kumazizira mpaka kufika pa madigiri 0, kuposa ngakhale ku Dedza. Majuzi a yunifolomu okha sakwanira. Bulangete lolemera ndi jekete mudzagule kuno ku Pep kapena ku Mr Price, pafupifupi R1,000 zonse pamodzi, ndipo musaiwale Vaseline chifukwa mpweya wouma umang'amba milomo.

Amene akulangizani kuti mumulongedzere ufa woyera ndi usipa akunena ndi mtima wabwino, koma zikuoneka kuti sanalowepo m'nyumba yogona ana, mmene mulibe mbaula kapena poto. Kusukulu adzadya zimene apatsidwa, mwina pap (nsima ya kuno) masiku ena. Nsima yeniyeni ndi usipa wogula ku Yeoville, dera lina la Johannesburg, adzadyera kwa woyang'anira uja, ngati mwasankha munthu amene adzapitadi kukamutenga pageti.