Kujambula chithunzi pakhoma ndi penti wopopera: yankho kwa mayi amene anandilembera

Masiku apitawa ndinalandira imelo yochokera kwa mayi ena amene akhala akujambula zithunzi papepala ndi pansalu kwa zaka zingapo. Mwini nyumba ina wawalola kujambula chithunzi chachikulu pakhoma loyang'ana kumsewu, lamamita 6 m'litali ndi mamita 3 kupita m'mwamba. Funso lawo linali lakuti: "Chitini cha penti wopopera sindinachigwirepo chibadwire. Ndigule zitini zingati, ndipo ndiyambire pati kuti chithunzicho chisadzawonongeke mvula ikangoyamba?"

Mayi, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu. Ndikupempheni kuti zogula zitini muyambe mwaziika pambali, chifukwa zoti chithunzi chanu chidzakhalitsa kapena ayi zimadziwika chitini choyamba chisanatsegulidwe, ndipo chimene chimagamula nkhaniyi ndi khomalo.

Pitani pakhomapo tsiku lowala bwino, mukapukute ndi chikhatho m'malo angapo. Dzanja likatuwa ndi ufa woyera, dziwani kuti khomalo linapakidwa laimu kapena penti wake wakale wafumbutuka, ndipo penti aliyense amene mungaike pamwamba pake adzamatirira ku ufawo m'malo momatirira ku pulasitala. Ine zimenezi ndinaziphunzira mowawa. Chithunzi changa choyamba ndinachijambula pakhoma lalaimu losapala, ndinatherapo sabata yathunthu, koma mvula itagwa kwa miyezi iwiri yokha ndinapeza nkhope imene ndinaivutikira kwambiri ikusupuka ngati khungu la njoka, zidutswa zake zili mbwee m'munsi mwa khoma. Choncho palani ndi burashi yawaya zonse zimene zikusupuka, tsekani ming'alu, tsukani fumbi ndi ndere, kenako lisiyeni liume kwa masiku angapo. Ngati pulasitala ndi watsopano, dikirani masiku osachepera 28, popeza simenti yaiwisi imakhala ndi chinyezi komanso mchere umene umawononga penti. Kuti mudziwe ngati m'khoma mukulowa madzi, matanipo pepala lapulasitiki ndi selotepi mbali zonse, mulisiye usiku umodzi. Mukapeza mame kunsi kwake m'mawa, ndiye kuti pali vuto loti mwini nyumba akonze inu musanayambe.

Khoma likauma, lipakeni andakoti wapanja pogwiritsa ntchito rola, ndipo ngati ndi lokhakhala mupake kawiri. Pulasitala wosapakidwa kanthu amamwa penti wopopera ngati mchenga, moti mukhoza kumaliza chitini chonse pamalo aang'ono mtundu wake osaoneka bwino. Pamenepa ndi pamene pali yankho la funso lanu la zitini. Malo aakulu amtundu umodzi, monga thambo kapena chilichonse chokhala kumbuyo kwa chithunzi, apakeni ndi rola ndi penti wapanja wosungunulira madzi, ndipo akauma bwinobwino wopopera amagwira pamwamba pake popanda vuto. Zitini zisungireni mizere, mithunzi, kuwala ndiponso malo amene mtundu wina ukulowerera mwa unzake, pakuti ntchito imeneyo ndi imene chitini chimaposa burashi. Nambala ya zitini sindikupatsani ya m'mutu, chifukwa makoma amamwa mosiyana ndipo mitundu ngati wachikasu imafuna kubwereza kangapo kuti iphimbe. Gulani chitini chimodzi, muyeze pakona ya khomalo malo amita imodzi mbali zonse, mupopere mpaka adzaze bwino, muone penti amene wapita. Kuchokera pamenepo muwerengere mtundu uliwonse malinga ndi kukula kwa malo ake, ndipo woyera ndi wakuda muonjezerepo, popeza ndi amene amatha msanga.

Kusamutsa chithunzi kuchoka papepala n'kosavuta kwa munthu wodziwa kale kujambula ngati inu. Jambulani pulani yanu papepala lamasentimita 30 m'litali ndi 15 m'lifupi, mulidule m'timabokosi tamasentimita 2.5, ndipo pakhoma mulembe ndi choko mabokosi amasentimita 50. Mbali zonse ziwiri mupeza mabokosi 72, ndipo chimene chili m'kabokosi kapapepala ndi chimene mujambule m'bokosi la pakhoma. Muziwoloka msewu pafupipafupi n'kuyang'ana muli patali, chifukwa diso limene likuoneka bwino mukaima pamakwerero limatha kuoneka lopotoka kwa munthu wodutsa.

Tsopano tikambe za chitini. Penti wa m'chitini chopopera anayamba mu 1949 ndi Edward Seymour wa ku Illinois, ku America, ndipo cholinga chake sichinali zaluso ayi. Achinyamata a ku Philadelphia ndi New York ndi amene anayamba kulembera maina awo pamakoma ndi pasitima chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo pofuna mizere yonenepa ankachotsa timitu tazitini zamankhwala otsukira n'kutiika pazitini zapenti. Lero makampani ngati Montana ndi Molotow amapanga zitini za anthu ojambula, zambiri zamamililita 400, ndipo timitu timagulitsidwa patokha. Kamene amakatcha fat cap kamatulutsa penti wambiri wodzazira malo, pamene skinny cap kamatulutsa mzere wopyapyala. Kwa inu amene mukuyamba kumene, sankhani zitini zolembedwa kuti low pressure, chifukwa penti wake amatuluka modekha ndipo amapatsa dzanja mpata woganiza.

Musanapopere, khutchumulani chitini kwa mphindi ziwiri kapena zitatu kuchokera pamene kampira kam'kati kayamba kulira, pakuti utoto umadikha pansi ndipo chitini chosakhutchumula bwino chimalavula ndi kutseka kamutu. Kunenepa kwa mzere kumadalira mtunda ndi liwiro la dzanja. Mukasendeza chitini pafupi ndi khoma n'kuyendetsa dzanja mwachangu, mzere umatuluka wopyapyala ndi wakuthwa. Mukachitalikitsa pang'ono, umatambalala ndipo m'mphepete mwake mumakhala ngati nkhungu. Chinthu chimene ndimachiona ngati mtima wa luso lonseli n'chakuti dzanja liyambe kuyenda chala chisanadine, ndipo chala chisiye kudina dzanja lisanaime. Mukadina dzanja litaima, ngakhale kwa kamphindi, penti amaunjikana pamalo amodzi n'kuyamba kuchucha. Mzere muziukoka ndi phewa ndi thupi lonse, osati ndi mfundo ya dzanja monga mumachitira ndi pensulo, ndipo apa ndi pamene anthu ozolowera pepala amavutika kwambiri masiku oyamba.

Penti akachucha musamupukute, musiyeni aume n'kupoperapo wina pamwamba. Njira yomweyi ndi imene imapanga nsonga zakuthwa zimene anthu amadabwa nazo: mumayamba mwapopera chinthucho mopitirira malire ake, kenako n'kubwera ndi mtundu wakumbuyo kudzadula m'mphepete mpaka nsonga itasongoka. Pofuna kuti mtundu uzimiririke pang'onopang'ono, pendeketsani chitini kuti penti azigwera khoma cham'mbali, ndipo mudine mopepuka. Mukamaliza ndi chitini chilichonse, chizondotseni n'kudina mpaka mutuluke mpweya wokhawokha, kuti kamutu kasatsekeke. Zonsezi yambani mwaziyeseza pamakatoni akuluakulu oimika chilili kwa masiku atatu kapena anayi, ndipo chitini chimodzi kapena ziwiri muzithere pamenepo osadandaula.

Za thanzi ndikunenetsa. Masiki yansalu kapena yapepala imatchinga fumbi lokha, koma nthunzi ya mankhwala osungunulira penti imadutsa n'kulowa m'mapapo. Pezani masiki yarabala yokhala ndi zosefera zolembedwa kuti organic vapour, valani magolovesi, ndipo mukamva chizungulire kapena mutu tsikani pamakwerero nthawi yomweyo. Mpweya umene umakankha penti m'chitini, womwe nthawi zambiri ndi propane ndi butane, umayaka msanga, kotero pafupi pasakhale moto kapena wosuta fodya, ndipo zitini zisakhale padzuwa kapena m'galimoto yotseka, chifukwa siziyenera kutentha kupitirira madigiri 50. Tsiku lamphepo musapopere, pakuti nkhungu ya penti imauluka n'kukagwera pamagalimoto ndi pamawindo a anthu ena, ndipo mlandu wake umakhala wanu.

Mdani wina woposa mvula ndi dzuwa. Mitundu yowala monyezimira ija imasangalatsa tsiku loyamba koma imasuluka msanga kwambiri, choncho musaiike pambali yofunika ya chithunzi. Palibe chithunzi chapanja chimene chimakhala mpaka kalekale. Ngakhale zithunzi zotchuka za East Side Gallery ku Berlin, zimene zinajambulidwa mu 1990 pachigawo cha khoma chotalika pafupifupi makilomita 1.3, zinachita kujambulidwanso mu 2009 zitawonongeka ndi nyengo komanso zolembalemba za anthu. Chanu chikauma kwa masiku angapo, chipakeni vanishi wapanja woteteza ku dzuwa, mutayamba mwamuyesa pakona kuti muone ngati sakusungunula penti. Lembani m'kabuku dzina ndi nambala ya mtundu uliwonse umene mwagwiritsa ntchito, kuti podzakonza pena pakawonongeka musadzachite kulota.

Chomaliza chikukhudza mwini nyumba. Mwanena kuti wakulolani, koma chilolezo chapakamwa chimaiwalika. Muonetseni pulani yamitundu yake, asaine papepala lonena kuti wavomereza chithunzicho komanso nthawi imene chidzakhalepo asanachifute, ndipo mufunsenso ku khonsolo ya dera lanu ngati makoma oyang'ana kumsewu ali ndi malamulo ake. Pepala losainidwalo muzikhala nalo m'thumba tsiku lililonse limene muli pakhomapo, chifukwa munthu wogwira chitini chopopera pamsewu sachedwa kufunsidwa amene wamutuma.