Load ikuoneka bwino koma chingwe chikusonyeza gain: vuto lili pati?

Mmodzi mwa owerenga athu watilembera imelo yokhudza network analyzer, makina oyezera mmene mafunde a wailesi amadutsira kapena kubwerera mu chipangizo, motere: "Ndachita calibration ya SOLT pa network analyzer kuyambira 1 GHz mpaka 6 GHz. Ndikalumikizanso load ija, S11 imatsika kupitirira −60 dB. Koma ndikayeza chingwe wamba, S21 imangokwera ndi kutsika, pena mpaka kudutsa 0 dB. Kodi makina awonongeka?"

Ayi, makinawo mwina alibe vuto. SOLT ndi calibration (kukonza kayezedwe ka makina) yogwiritsa ntchito zida zinayi zodziwika: short, open, load ndi thru. S11 imayeza mafunde obwerera, pomwe S21 imayeza mafunde odutsa. Musadalire −60 dB imene mwaionayo. Pochita calibration munauza makina kuti load imeneyi ndi 50 ohm yeniyeni, ndiye mukaiyezanso amangokubwezerani zimene munawauza. Load ikhale yabwino kapena yowonongeka, chithunzi chake chidzakhala chokongola basi.

Zolakwika zimene calibration imachotsa ndi zija zobwera mofanana nthawi zonse: directivity, source match, reflection tracking, load match, transmission tracking ndi isolation. Zilipo 6 popita ndi 6 pobwerera, zonse pamodzi 12. Phokoso, kumasuka kwa connector ndi kusintha kobwera ndi kutentha, calibration siingazikonze.

Chingwe sichingawonjezere mphamvu, choncho S21 yodutsa 0 dB ikusonyeza kuti masamu a calibration alakwika. Kawirikawiri chimalakwika ndi tanthauzo la cal kit, ndiko kuti manambala amene makina amasunga ofotokoza short, open, load ndi thru zanu. Open si open yangwiro; kumapeto kwake kumakhala capacitance yochepa imene wopanga amailemba ngati C0 mpaka C3. Short nayo ili ndi inductance yolembedwa ngati L0 mpaka L3, ndipo zonse ziwiri zili ndi offset delay, nthawi imene mafunde amatenga kuti afike kumapeto kwake. Mukasankha kit ina pa menyu, kapena kusankha connector yachimuna pomwe mukugwiritsa ntchito yachikazi, pa 1 GHz vutolo limabisala koma pofika 6 GHz limaonekera poyera. Thru nayonso: ngati munaika adapter pakati n'kuuza makina kuti utali wake ndi ziro, kutayika kwa mphamvu mu adapteryo kumachotsedwa pa chilichonse chimene mudzayeza, ndipo chingwe chachifupi chimaoneka ngati chili ndi gain. Lembani delay ndi kutayika kwa mphamvu kwa adapteryo, apo ayi gwiritsani ntchito njira ya unknown thru ngati makina anu ali nayo.

Kukwera ndi kutsika kuja kungakuuzeni zambiri. Yezani mpata wa pakati pa nsonga ziwiri. Chingwe cha PTFE (pulasitiki ya Teflon) chotalika mita 1 chimapereka nsonga zotalikirana pafupifupi 100 MHz, chifukwa mafunde akungobwerera uku ndi uku pakati pa mapeto awiri a chingwecho. Mpata ukagwirizana ndi utali wa chingwe chanu, source match ndi load match, ndiko kuti kubwerera kwa mafunde pa mapoti awiri a makina, sizinakonzeke bwino.

Mukamabwerezanso, yatsani makina ndipo muwasiye atenthe kwa mphindi zosachepera 30. Sankhiranitu mafrequency, mapointi, mphamvu ndi IF bandwidth. IF bandwidth, kukula kwa sefa ya mkati mwa makina, ya 1 kHz ndi poyambira pabwino, ndipo mukaitsitsa kakhumi phokoso limatsika ndi 10 dB. Pukutani maconnector ndi isopropyl alcohol, muyang'anenso ngati pini yapindika. Pomanga, zunguzani nati yokha, osati thupi lonse, ndipo mangani ndi torque wrench: 0.9 N·m pa connector ya 3.5 mm, 1.35 N·m pa Type N. Chitani calibration kumapeto kwa zingwe zoyezera, pomwe chipangizo chidzalumikizidwe, ndipo mukamaliza musazipindenso. Isolation mutha kuisiya, pokhapokha ngati mukuyeza chinthu chotsekereza kwambiri mafunde.

Potsimikizira, tengani chinthu chimene sichinali mu calibration, monga attenuator (chida chochepetsa mphamvu ya mafunde) ya 20 dB yodziwika bwino kapena short ya kit ina. Open ikajambula kauta pa Smith chart (chithunzi chozungulira chosonyeza mafunde obwerera) m'malo mwa kadontho, musadandaule, ndi offset delay yake imeneyo. Koma ikatuluka kunja kwa bwalo, yambaninso poyang'ana tanthauzo la kit.