Chifukwa chake setprecision(2) ikukupatsani 1.2e+03

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji mukalemba cout << setprecision(2) << 1234.5678 pakutuluka 1.2e+03 pomwe inu mumadikira 1234.57. Kompyuta sinalakwe ayi. Mu chilankhulo cha pulogalamu cha C++, cout ndiyo imasindikiza pa sikirini, ndipo setprecision, yomwe imauza cout kuchuluka kwa manambala oti asindikizidwe, ikakhala yokha siwerenga manambala a kumanja kwa kadontho, imawerenga kuyambira nambala yoyamba kumanzere yomwe si ziro. Mwaiuza kuti awiri, yatenga 1 ndi 2, ndiye poti 1234 sangakwane m'malo awiri, yathawira ku kalembedwe kasayansi, kutanthauza 1.2 kuchulukitsa ndi 1000. Lembani cout << fixed << setprecision(2), mupeza 1234.57 wanuyo. Ku C nkhani yake ndi yomweyi: %.2g ndi %.2f mu printf sizifanana.

Mukapanda kuika kalikonse, cout imayendera manambala 6, choncho malipiro a 1250000.75 kwacha amatuluka 1.25e+06. Dziwaninso kuti fixed ndi setprecision zimakakamira pa cout mpaka mutazisintha, pamene setw, yoika kukula kwa malo osindikizapo, imagwira chinthu chimodzi chotsatira basi.

Koma apa ndi pamene pamagwa ambiri. Zonsezi zimangosintha zooneka pa sikirini, nambala yosungidwayo siikhudzidwa. Tayesani 2.675 ndi fixed ndi setprecision(2). Masamu a ku pulayimale akuti 2.68, makina akupatsani 2.67. Chifukwa chake n'chakuti double, mtundu umene C++ imasungiramo nambala zakadontho ngati zimenezi, imatsatira muyezo wa IEEE 754, womwe unatuluka koyamba mu 1985, ndipo imasunga nambala mu binary (ma 0 ndi ma 1 okhaokha) ndi ma bit 53, kutanthauza malo 53 a 0 kapena 1, omwe amakwana manambala 15 mpaka 17. Mu binary 2.675 alibe mathero, ndiye chimene chimasungidwa ndi 2.67499999999999982 ndi kamchira kena, ndipo chimenecho chili pafupi ndi 2.67. Kukweza precision sikuchiritsa, kumangovundukula: 0.1 pa fixed ndi setprecision(20) amatuluka 0.10000000000000000555. Ku Python nako 0.1 + 0.2 amapereka 0.30000000000000004, nthenda yake ndi imodzi.

Za float, mng'ono wake wa double, musaziganizire n'komwe pa ndalama. Ili ndi ma bit 24, manambala pafupifupi 7, moti 1250000.10 imasungidwa ngati 1250000.125, matambala asokonekera musanayambe n'kuwonkhetsa komwe.

Ngati ndi asayimenti ya kusukulu, fixed ikukwanirani. Ngati pulogalamuyo idzawerengera ndalama za anthu, ine ndingati sungani matambala mu long long, mtundu wa nambala zopanda kadontho, mwachitsanzo 125000075 m'malo mwa 1250000.75, n'kumaika kadontho posindikiza pokha. Ku Python gwiritsani decimal, koma muziipatsa nambala ili m'makoti, Decimal("2.675"), chifukwa Decimal(2.675) imatengera kamchira kaja.