Kwa amene mwafunsa za antchito ofooka pakampani yanu ya mapulogalamu

Mwafotokoza kuti mumayang'anira gulu la anthu olemba mapulogalamu a pakompyuta pakampani imene makasitomala ayamba kuithawa, kuti anzanu angapo anachotsedwa ntchito miyezi yapitayi, ndiponso kuti otsalawo amangokhala duu pamisonkhano pamene akuluakulu akuganiza zowakonzera phwando kuti mitima ikhale m'malo. Funso lanu ndi lakuti inuyo, amene muli pakati pa mabwana ndi antchito, mungatani. Ndikuyankhani monga munthu amene ndinakhalapo pampando ngati wanuwo, pakampani ina imene sindiitchula dzina.

Kukhala chete kwa anthu anuwo musakuyese ulesi kapena mwano. Munthu amene waona mnzake akulongedza katundu popanda wina kufotokoza chifukwa chake amaphunzira msanga kuti pakamwa ndi pamene pangamuike m'mavuto, choncho akaona cholakwika mu pulogalamu, kapena akadziwa kuti tsiku limene mwalonjeza kasitomala silingatheke, amangoyang'ana pansi. Zimenezi n'zimene zinathandiza kugwetsa Nokia. Akatswiri awiri, Timo Vuori ndi Quy Huy, atacheza ndi anthu amene ankagwira ntchito kumeneko, analemba mu 2016 kuti akuluakulu a kampaniyo ankaopa Apple, imene inatulutsa iPhone mu 2007, pamene mamanijala apakati ankaopa akuluakulu awo omwewo, moti mavuto a Symbian, pulogalamu yoyendetsa mafoni a Nokia, ankafika pamwamba atakongoletsedwa kale. Pofika mu 2014, bizinesi ya mafoni ya Nokia inali m'manja mwa Microsoft. Anthu anzeru analipo ambiri, koma uthenga woipa unalibe njira yokwerera kumwamba, ndipo mamanijala apakati amene ankauphimbawo anali pamalo amene inu muli lero.

Za phwandozo sindinena zambiri. Anthu adzadya, adzaseka pang'ono, ndipo m'mawa mwake adzapitiriza kutumiza makalata ofunsira ntchito kwina.

Chimene ndingakulangizeni n'chakuti mupite kwa akuluakuluwo mukawapemphe kuti auze antchito zoona zake: ndalama zimene zilipo zingayendetse kampani kwa miyezi ingati, ndi makasitomala ati amene akuigwiriziza, ndipo ngati kuchotsa anthu kudzachitikenso, adzatsatira mfundo ziti. Mabwana ambiri amaopa kuti akaulula anthu athawa, koma zimene ndinaona ine n'zosiyana. Kwathu anatibisira kwa nthawi yaitali, mphekesera zinadzaza ofesi yonse, ndipo oyamba kuchoka anali akatswiri enieni, chifukwa iwowo ndi amene makampani ena amawalandira ndi manja awiri. Tinatsala ndi mapulogalamu amene owadziwa bwino anali atapita, ndipo kusintha kanthu kakang'ono kunkatitengera mlungu wathunthu.

Kenako muchepetse ntchito. Gulu likachepa koma mndandanda wa zochita n'kukhala womwewo, anthu amagwira mpaka usiku, amalemba mothamanga, zolakwika zimachuluka, makasitomala amadandaula kwambiri, ndipo bwana amabweranso kudzawonjezera changu. Khalani pansi ndi amene amagulitsa mapulogalamu anuwo, musankhe zinthu ziwiri kapena zitatu zimene makasitomala olipira akufunadi, zinazo muziimitse poyera, ndipo tsiku lomalizira ntchito lisalonjezedwe kwa aliyense olembawo asanafunsidwe. Akuluakulu akanena kuti angolemba anthu ena aganyu kuti ntchito ifulumire, muwakumbutse zimene Fred Brooks, amene anatsogolera ntchito yolemba OS/360, pulogalamu yoyendetsa makompyuta akuluakulu a kampani ya IBM, ananena mu 1975, kuti kuwonjezera anthu pantchito ya pulogalamu imene yachedwa kale kumangoichedwetsa kwambiri, popeza akale amasiya ntchito yawo n'kumaphunzitsa atsopanowo.

Pali chinthu chimodzi chimene mungayambe mawa osapempha chilolezo kwa wina aliyense. Muzikumana ndi munthu aliyense wa m'gulu lanu payekha, mumufunse chimene chikumulepheretsa kugwira bwino ntchito, ndipo pa zimene wanenazo mukonze ngakhale chimodzi mlungu womwewo kuti aone kuti kulankhula kuli ndi phindu. Wina akakubweretserani nkhani yoipa, mumuthokoze pamaso pa anzake, ndipo mukamaipereka kwa abwana muinyamule ngati yanu, osatchula dzina lake ngati mukudziwa kuti angamusungire chakukhosi. Kafukufuku wa Google wotchedwa Project Aristotle, amene anayamba mu 2012, anapeza kuti chimene chinkasiyanitsa kwambiri magulu ochita bwino chinali chakuti anthu ake ankatha kufunsa kapena kuvomereza cholakwa osaopa kuchititsidwa manyazi.

Mukayesa zonsezi kwa miyezi iwiri kapena itatu koma akuluakulu n'kumakanabe kunena za ndalama, musalonjeze anthu anu kuti ntchito yawo ndi yotetezeka pamene inuyo simukudziwa. Amene akufuna kuchoka muwalembere makalata abwino owachitira umboni, ndipo nanunso muyambe kukonza CV yanu.